Mbali ya Kuzenera

Lolemba, 6 Meyi

Kope ili ndinagula kuti ndizijambulamo masitayelo a tsitsi. Ometa ndani? Shopu ndikutsegula maola awiri okha masana, mpando wometerapo wachita kutuwa ndi fumbi. Ndiye ndizilembamo zoona, poti pepala lomwe lili pakhoma kuchipinda ndikulembapo mabodza.

Pepalalo anatisiyira ndi anamwino oyendera odwala m'makomo. Mizere itatu: kumanzere, chagada, kumanja. Pakatha maola awiri, kuwatembenuza Abwana, kuchonga. Pakathanso awiri, chimodzimodzi. Akuti munthu akagonera mbali imodzi khungu limaphulika.

Abwana. Zaka makumi atatu ndi ziwiri ndikuwatchula choncho akazi anga, poyamba mongowaseka, kenako poti zinali zoona. Mwezi wachinayi uno ali chigonere. Sitiroko. Mkono wamanja ndi mwendo wamanja, zii. Mawu atsala owerengeka: ayi, madzi, inu, zenera. Munthu amene ankayamba nkhani ine ndisanatsuke m'kamwa n'kudzaimaliza nditayamba kale kuliza mkonono.

Akagonera kumanzere amayang'ana zenera. Kumanja ndi khoma. Ndikawagoneka moyang'ana khoma, mphindi zisanu sizikwana, dzanja labwinolo pamatiresi phaa, phaa. "Zenera." Ndimayerekeza kugontha. Phaa. "Inu. Zenera." Mwana wolira ndimamumeta mpaka kumaliza, mtima uli gwa. Apa ndimagonja. Kuwabweza kuzenera, papepala kuchonga "kumanja".

Lero powasambitsa ndaona malo ofiira m'chiuno, kumanzere komweko. Kukula ngati chitsekero cha botolo. Ndapaka mafuta. Sindinauze munthu.

Lachitatu, 8 Meyi

M'mawa uliwonse: thewera, beseni, kuwapukuta, mafuta, phala, mapilitsi ophwanyira m'madzi, kuchapa. Kuchapa sikutha. Chingwe chapanja sichinakhalepo chopanda nsalu chiyambire Febuluwale. Msana ukulira ngati chitseko chakale.

Ndikakhala pansi, miyendo ikufuna kuyenda. Ndikadzuka, ndaiwala chomwe ndadzukira. Lero ndapezeka ndili kukhitchini, chipeso m'manja, ketulo ili pamoto yopanda madzi.

Alamu, akulu awo a Abwana, afika 2 koloko monga mwa masiku onse kudzandilandira. Polowa, chala patebulo kuyeza fumbi. Kununkhiza pilo. Kuvundukula mphika. Wapolisi amachita kuchepa. "Alamu," akuti, "kumeta ndi kudwazika ndi ntchito ziwiri." Ndangoti zikomo. Kwawo kuli chipinda chopanda munthu ndi ana aakazi awiri aakuluakulu, ndipo sabata sidutsa osandikumbutsa zimenezo. Si anthu oipa. Wodwalayo ndi mng'ono wawo. Koma akangotchula za chipindacho ndimasintha nkhani.

Nawonso pa nkhani ya zenera amagonja, ndinawapezapo. Kungoti pepala salikhudza, akuti ndi za anthu asukulu. Wochonga ndine.

Kushopu kasitomala mmodzi. Aphunzitsi ena opuma pantchito, tsitsi la m'mbali mokha ngati mpanda wozungulira bwalo, koma malangizo a munthu wa tsitsi lodzaza. "Odwala ali bwanji?" Ndati akupezako. Aliyense ndimamuyankha choncho, pakamwa panazolowera. Ndawameta maso ali pawotchi.

Malo ofiira aja ndikadina ndi chala sakuyera. Alamu sanawaone. Thewera ndimasintha ndisanachoke, ndipo ndimachitira dala.

Lachisanu, 10 Meyi

Anamwino abwera. Kamayi kakafupi, chikwama chachikulu kuposa mwini wake, nsapato zosamveka poyenda. Avala magolovesi, akweza nsalu.

Khungu lasupuka. Laphulika usiku wapitawu kapena dzulo, sindikudziwa.

Achotsa pepala pakhoma, aliwerenga kuyambira pamwamba mpaka pansi. Lonse lochongedwa bwinobwino, mzere uliwonse, ndi bolopeni imodzi. Ndikanakhala wochenjera ndikanadumphako malo awiri atatu. Andiyang'ana pamwamba pa magalasi awo. "Bambo, pepala likuti kumanja, thupi likuti kumanzere. Ndimvere ndani?"

Ndati mwina ndi matiresi.

Matiresi! Munthu wa imvi, dikoni wakale, kunamizira matiresi.

Sanatsutse. Atsuka chilondacho ndi madzi amchere, andionetsa kamangidwe ka bandeji, andiuza kuti mbali imeneyo isagonedwenso ngakhale mphindi imodzi. Abweranso Lachisanu. Chikazama, kuchipatala, palibe kukambirana.

Vuto ndi lakuti alamu anali ataima pakhomo. Anafika msanga lero, ngati ananunkhiza. Anamwino atangotuluka, iwo: "Akakalowa m'chipatala, potuluka akubwera kwanga. Mwayesa, alamu, tonse taona, koma basi."

Abwana amva zonse. Makutu alibe vuto. Diso pa ine, diso pa akulu awo, kenako padenga.

Masiku asanu ndi awiri. Akachoka m'nyumba muno sabweranso, ndikudziwa. Kwa alamu ndizikakhala mlendo wogogoda, wopatsidwa mpando, wofunsidwa ngati ndimwa tiyi. Kukaona akazi anga ngati munthu wampingo. Ndikuopa.

Loweruka, 11 Meyi

Ndinalumbira m'mawa kuti lero ndine mwamuna. Chagada, kumanja, chagada, kumanja. Zenera ayi.

Phaa, phaa, kuyambira 8 koloko. Ndayatsa wailesi. Phaa. Ndawafotokozera ngati mwana: chilonda, anamwino, chipatala, akulu anu. Andiyang'ana ngati ndine wogulitsa mankhwala m'basi. "Zenera."

Chagada amalolako pang'ono, poti akapotoza khosi amalionako m'mphepete. Koma khosi limatopa, ndipo chagada sangakhale tsiku lonse, kumsananso kungaphulike.

Masana phala akana. Aluma supuni, osaisiya. Mano alipo onse ndithu. Kenako misozi, yotsikira m'khutu, opanda mawu. M'zaka zonsezi ndinawaonapo akulira kawiri kokha, ndipo konse kunali kumaliro.

4 koloko ndagonja. Ndaika thaulo lopinda pansi pa chiuno kuti chilonda chisagunde, ndawabweza. Nthawi yomweyo phee, ngati mwana wopatsidwa bere. Adya phala lonse.

Akuonanji kunjako? Nkhuku za aneba? Anthu odutsa? Iwo nkhani za anthu ankazikonda, ndi zoona. Ankadziwa amene ali ndi pakati mwini wake asanadziwe.

Ndachonga "kumanja". Dzanja likuchita kudziwa lokha.

Lolemba, 13 Meyi

Nzeru!

Yandipeza kushopu. Ndikumeta ndevu wokonza njinga wina, kumbuyo kwanga panjira galimoto iwiri yatsala pang'ono kugundana. Ndaona zonse, mpaka dalaivala kutukwana, osatembenuka. Wokonza njinga akuti, "Amisili, muli ndi maso kunkhongo?" Ndati ayi, ndili ndi galasi.

Ndiye ndangoima, lumo m'manja. Zaka makumi atatu ndakhala ndikuona msewu wonse nditaufulatira. Bwanji Abwana? Galasi pakhoma lija, iwo agonere kumanja, zenera liwatsatire komweko. Chilonda chipume, iwo asangalale, anamwino asangalale, alamu akhale ndi chipinda chawo.

Wokonza njinga ndamumeta mbali yotsalayo mothamanga, ngati akuthawa ndi iye.

Kunyumba galasi kulibe. La pawadulopu ndinalimasula tsiku lomwe Abwana anatuluka m'chipatala sitiroko itawagwira, lili pansi pa bedi la kuchipinda chinacho. Pakamwa panapotoka, diso lamanja linagwa. Tsitsi lawo lalitali lija linayamba kumangana ndi thukuta, ndiye ndinalimeta ndi makina, nambala wani, ali mtulo. Sindinafune adzione. Ndipo lija n'laling'ono, lopapatiza. Lofunika ndi lalikulu la kushopu.

Sindinauze alamu. Akaone zitatheka.

Kukhala pansi kukukanika. Ndasaka misomali, ndapeza hamala, ndayeza khoma ndi tepi kawiri. Chilonda lero chikutuluka timadzi. Masiku anayi.

Lachiwiri, 14 Meyi

Sindikudziwa poyambira.

Galasi ndalinyamula m'mamawa, lokulunga m'bulangete, pamutu, anthu akundipatukira panjira. Ndalikoloweka pakhoma la kumanja Abwana akuyang'ana kuzenera kwawoko. Amva hamala koma sanasamale. Ndaika kathabwa kumbuyo kwake kuti liweramire kutsogolo. Ndaima kumutu kwa bedi, kumbuyo kwawo, mmene ndimaimira kumbuyo kwa mpando. Ndayang'ana. Zenera lonse lili m'galasi, katani, kuwala, nsonga ya mtengo wa aneba. Ndasuntha pang'ono, ndayang'ananso. Bwinobwino. Ndinachita kudziyamikira ndekha.

"Abwana, ndakubweretserani zenera lachiwiri."

Ndawatembenuza. Pilo pakati pa mawondo, wina kumsana. Ndadikira phaa.

Palibe.

Mphindi imodzi, ziwiri. Chete. Mumtima ndati zatheka. Ndapita kukhitchini kukatereka madzi, ndikuimba mluzu. Mluzu!

Pobwera ndapeza dzanja lawo lili pamutu. Likusisita, pang'onopang'ono, kuyambira pachipumi mpaka kunkhongo, kufunafuna. Kenako latsikira pakamwa. Chala chikukankha mlomo wogwawo kuti ukwere, ukugwanso. Kukankha, kugwanso. Ndiye anatulutsa mawu ena ake. Si kulira, si kuitana. Sindinamvepo munthu akutulutsa mawu otere ndipo sindikufuna kudzawamvanso.

Ndagwada, ndaika tsaya langa papilo pafupi ndi lawo. Zenera kulibe. M'galasi monse muli nkhope.

Ndinayeza nditaimirira. Moyo wanga wonse galasi ndimaliyang'ana nditaimirira kumbuyo kwa munthu, ndipo ndimaonamo msewu, pakhomo, wotchi. Ndinaiwala kuti wokhala pampandoyo amaona yekha.

Ndaponyapo thaulo. Ndapepesa. Ndati tsitsi limamera, ndati pakamwa pakuwongoka, anamwino anatero. Bodza lina, anamwino sananene. Atseka maso.

Madzi aja anaphwa onse.

Lachitatu, 15 Meyi

Phala ayi. Tiyi supuni zitatu.

Phaa palibe. Zenera palibe. Ndiwagoneke kumanja, agona. Chagada, agona. Ngati thumba.

Pepala lero ndi loona kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Si zimene ndinkafuna?

Galasi ndalitsitsa, lili pabalaza, lafulatira.

Lachinayi, 16 Meyi

Alamu aliona galasi polowa. Afunsa. Ndanena, poti mabodza andikwana.

Sanakuwe. Akanakuwa bola. Akhala pampando, manja pamutu. "Alamu, munthu uyu ankadzola mafuta popita kukataya zinyalala. Kuchikwati cha mwana wanga anasintha zovala katatu. Inu n'kumuikira galasi la anthu khumi?" Ndimawadziwa Abwana kuposa iwo. Mpango wakumutu ankaumanga theka la ola ine ndikudikira pakhomo, nsapato zikundiwotcha.

Alowa kuchipinda ndi mpango wawo, awamanga. Abwana auvula ndi dzanja limodzi, auponya pansi.

Kushopu sindinapite. Ndikameta bwanji popanda galasi? Ndangozungulira: kuchipinda, kukhitchini, pakhonde, kuchipinda. Alamu akuti, "Khalani pansi, mukundizunguza mutu." Ndakhala. Ndadzukanso.

Posintha bandeji, fungo. Osati la thewera, limenelo mphuno inazolowera. Lina, lotsekemera moipa. Pakamwa pa chilonda m'pang'ono, mwina chikupola? Ndikudzinamiza. Chipumi chawo chikutentha.

Ndayesa nthabwala yathu yakale ija, yoti anandikwatira chifukwa chofuna kumetedwa ulere. Kale ankayankha kuti ulerewo ndi umene unawapweteka. Lero ngakhale chikope osagwedeza.

Mawa anamwino.

Lachisanu, 17 Meyi

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Anamwino alowetsa kathonje ka pakamtengo, kakulowa, kakulowabe. Pamwamba kabowo, pansi phanga. Akuti chinayamba kale m'kati, khungu lisanaonetse. Kutentha thupi ndi chizindikiro choti chalowa tizilombo. Kuchipatala lero lomwe.

Ndawauza zonse nditaimirira pakati pa chipinda ngati mwana wasukulu. Zenera, phaa phaa, kuchonga kwabodza kwa miyezi itatu, galasi. Ndimayembekezera kukalipiridwa.

Avula magolovesi, ayang'ana bedi, ayang'ana zenera. "Bambo, bwanji simunangotenga pilo n'kuika kumiyendo? Mutu uku, miyendo uko. Akagonera kumanja, zenera ndi ilo."

Ndinamva ngati wina wandithira madzi ozizira. Ndayang'ana alamu, nawonso kukamwa yasa. Anthu awiri aakulu, miyezi yonseyi. Zaka makumi atatu ndi ziwiri mutu wa Abwana uli mbali imeneyo, pansi pa kalendala, ndiye m'mutu mwanga bedi linali ndi kumutu kumodzi basi. Ndinalolera kusenza galasi pamutu kudutsa msika wonse.

"Mukanandiuza mwezi watha," akutero anamwino, motsitsa mawu, "bwezi titasekera limodzi." Safunsa anadya phula. Langa ndadya lodzaza mbale.

Galimoto ya aneba. Tawanyamula anayi pabulangete, opepuka ngati mtolo wa zovala. Potuluka pageti ndimaganiza ayang'ana m'mbuyo. Maso otseka njira yonse.

Wodi ya amayi. Wodikirira ayenera kukhala wamkazi. Ndiye alamu atsala, ndi beseni lathu, ndi kapu ya Abwana yokhala ndi kamlomo komwera. Ine andiuza nthawi zoonera odwala.

Lachiwiri, 21 Meyi

Masiku anayi osalemba. Zolemba zake ziti?

Nyumba yakula. Pakatha maola awiri thupi limadzidzimuka lokha, ndithamangira kuchipinda, bedi mbee. Chingwe chapanja chilibe kanthu. Nthawi ndili nayo yambiri tsopano, ndikusowa poiika. Ndakolopa kawiri. Ndanola malumo onse. Ndatsuka ngakhale denga la kabati.

Kushopu ndatsegula tsiku lonse dzulo, galasi lili kunyumba. Kulinyamulanso kukundikanika, sindikufuna n'kulikhudza komwe. Aphunzitsi akhala pampando, ayang'ana khoma lopanda kanthu, misomali iwiri. "Amisili, lero tikumetedwa mwa chikhulupiriro?" Ndaseka koyamba sabata ino. Pomaliza afunsa za odwala, pakamwa panayamba kuti akupe... ndaima. Ndati ali m'chipatala, ndipo ndawapititsako ndine. Anangondigwira paphewa. Sanapereke malangizo, chinthu chachilendo kwa iwo.

Kuchipatala 12 koloko ndi 5 koloko. Kuima pamzere ndi fulasiki pamodzi ndi amuna ena, mlonda kutiwerenga ngati mbuzi. Chilonda anachipala, achotsa zoola zonse, tsopano n'chachikulu koma chofiira bwino, akuti ndi mmene chiyenera kukhalira. Kutentha kwatsika. Akudya pang'ono, koma kwa alamu okha. Ine ndikagwira supuni, pakamwa tseke.

Bedi lawo lili pakati pa wodi. Kumanzere mayi wothyoka mwendo, kumanja gogo wosalankhula. Amawatembenuza anamwino awiri, mwachangu, mwaluso, osafunsa. Sadandaula.

Alamu akugona pansi pa bedi pa katoni, pa msinkhu wawowo, miyendo yatupa. Ndawabweretsera bulangete lina. Alandira. Sitinakambe za chipinda chija, koma ndamva akuuza mwana wawo pafoni kuti apake laimu.

Lachisanu, 24 Meyi

Adokotala akuti Lolemba atuluka. Bandeji azikasintha anamwino athu aja kunyumba. Kenako funso: kunyumba kwake kuti?

Alamu ndi ine tayankha nthawi imodzi.

Tatulutsidwa panja pa wodi ngati ana omenyana. Alamu ayamba kuwerenga pa zala: atsikana awiri ndi iwo achitatu, usana ndi usiku, chipinda chopaka kale. Chala chachinayi sanachitchule, angondiyang'ana. Pepala. Chachisanu, galasi. Ine ndinali ndi chiyani? Ndangoti, "Ndi akazi anga, alamu." Iwo: "Ndipo ndi mng'ono wanga, ndinamubereka kumsana inu musanadziwe n'komwe kugwira sizasi."

Zoona zokhazokha. N'chimene chikupweteka.

Sisitala wa muwodi, mayi wamkulu wa mawu ngati beseni, watipeza tikukokana. Akuti, "Mwawafunsa eni ake? Wafa ndi mkono, mutu ulipo." Manyazi. Tabwerera, taima uku ndi uku. Sisitala awerama. "Mayi, Lolemba mukutuluka. Mukufuna kupita kuti?"

Masiku khumi osatulutsa liwu. Ndimaganiza satsegula n'komwe maso. Atsegula. Sanayang'ane ine, sanayang'ane akulu awo. Mlomo ukulimbana, kulimbana.

"Zenera."

Ndinati ndilankhule. Koma alamu msangamsanga: "Mwamva? Kwanga kuli mazenera awiri, aakulu, oyang'ana kumsewu. Aziona magalimoto, ana asukulu, chilichonse. La kwa alamu n'kabowo ka nkhunda."

Sisitala akweza mapewa. Akuti tikagwirizane tokha pofika Lolemba m'mawa, galimoto siyingapite mbali ziwiri.

Mwina alamu akunena zoona. Ngati nkhani ndi zenera, lawo likuposa. Ndabwerera wapansi njira yonse, basi ndinaiona koma miyendo inakana kuima.

Lamulungu, 26 Meyi

Kutchalitchi sindinapite. Ndati ndikonze bedi, kaya abwera kaya sabwera. Nsalu zochapa, pulasitiki pansi, pilo kumiyendo monga ananenera anamwino. Ndiye ndati ulendo uno sindiyezanso nditaimirira. Ndavula nsapato.

Ndayamba ndagona malo awo akale, pa dzenje lomwe thupi lawo linasiya pamatiresi. Kumanzere, tsaya papilo. Ndione chomwe munthu analolera kuolera.

Msewu suoneka. Geti silioneka. Nkhuku za aneba, mtengo, anthu odutsa, palibe. Zimenezo amaona ndi munthu woimirira. Kuchokera papilo, pakati pa katani ndi felemu, pamaoneka kachigawo kamodzi ka kuseri kwa nyumba. Mpopi. Mwala wochapira. Ndowa yobiriwira yovundikira pansi.

Ndowa yanga.

Izi sindinalembepo ngakhale muno, m'kope la zoona. M'mawa uliwonse ndikatha kuchapa ndimakhala pa ndowa imeneyo. Ndimati kumeneko kulibe ondiona. Ndimakwirira nkhope m'nsalu yonyowa n'kulira mpaka mapewa kuwawa. Masiku ena ndimamenyetsa nsalu pamwala zitayera kale, ndikulankhula ndekha. Kutukwana matenda. Kufunsa Mulungu mafunso osayenera dikoni. Kamodzi ndinati, "Mayi iwe wanditopetsa," mokweza, zenera lili chitsegukire. Ndipo tsiku lina mu Epulo ndinavala nsapato zoyendera, makina ndi masizasi m'chikwama, ndinakhala pamenepo chikwama chili pamiyendo, kuyang'ana kakhomo ka kuseri kotulukira kunjira ya kudepoti. Ola lathunthu. Kenako ndinavula nsapato, ndinasamba kumaso, ndinalowa ndikumwetulira. "Abwana, tiyi?"

Anamwa tiyi ameneyo. Anandiyang'ana n'kumwa.

Miyezi yonseyi. Ine kulowa ndi nthabwala, iwo ataona kale zonse. Sindikudziwa ngati ankandilondera kuti ndingathawe, kapena ankangokhala nane, poti munthu salira yekha. Mwina zonse ziwiri. Abwana ndi Abwana. Koma mnofu unachita kutseguka iwo osalola kufulatira ndowa imeneyo, ndipo ine ndimati akufuna miseche ya anthu odutsa.

Ndagona pamenepo nthawi yaitali. Manyazi, eya. Koma koyamba chiyambire Febuluwale miyendo inakhala phee.

Kenako ndasamukira kumiyendo, malo atsopano, kugonera kumanja. Zenera likuoneka ndithu, anamwino sananame. Koma mpopi suoneka. Kuchokera uku ndi khoma la bafa ndi mulu wa njerwa zakale basi.

Njerwa ndachotsa zonse. Mwala wochapira ndaugubuduza ndekha, msana ukudandaula, chala chimodzi chaphwanyika. Madzi ndizitunga ndi chidebe, si patali. Ndowa ndaiika, ndalowa, ndagona, ndayang'ana. Yapitirira. Ndatuluka, ndaisuntha. Kanayi konse. Aneba amayang'ana pampanda, kaya akuti bambo uja zamuzungulira.

Tsopano ili pakati penipeni.

Alamu ndikawauza bwanji? Kuti mazenera anu awiri aja alibe mwamuna wolira pa ndowa? Adzati ndapenga. Ndikanena basi, pamaso pa Abwana, ndi za chikwama zomwe, ndipo akatsutse okha ngati ndanama. Dzanja lamanzere likugwira ntchito, matiresi a kuchipatala nawonso amalira phaa.

11 koloko yadutsa. Fulasiki, thaulo, malaya oyera. Chala chikuchuchabe, ndimanga panjira. Nsapato zili kuti